Mzere wa Kanthenga pa Phapo la Mwini Lipenga

Mutu 4

1. Chipinda chopanda zenera

Kuseri kwa chipatala, ukadutsa kochapira zovala n'kukhotera kumanzere, kuli kachipinda kopanda zenera. Mmenemo dzuwa silidziwika. Muli matebulo atatu, makompyuta atatu, ndi fani yokalamba imene imapukusa mutu tsiku lonse ngati munthu wokana mlandu. M'chipinda chimenechi ndi mmene Kanthenga ankaphunzira ntchito.

Dzina limeneli si la pachiphaso. Anamupatsa ndi bambo ake ali wamng'ono, chifukwa ukamutuma mchere kugolosale ankabwera patatha ola, mchere palibe, koma m'kamwa muli nkhani ya mitambo. Nzeru anali nazo, zimenezo sitingamumane. Vuto lake linali loti kamphepo kakang'onong'ono kankamunyamula maganizo.

Ntchito yakeyo ndiifotokoze bwino, chifukwa ambiri a inu simunaimvepo. Munthu akagona m'makina a sikani, makinawo amajambula chifuwa chake tsamba ndi tsamba, kuyambira kukhosi mpaka kumimba, ngati buku la masamba mazana atatu. Pa masamba ena pamaoneka kachotupa m'phapo, kochepa kuposa nyemba. Kunja kwake kumakhala kotuwa ngati chifunga, ndipo mkati nthawi zina mumakhala njere yoyera, yolimba. Chifunga chokha chimatha zaka chili phee. Koma njere ikakula, kawirikawiri ndiye kuti khansa yayamba kulowerera m'phapo.

Kompyuta imayeza njereyo, kukula kwake, kulimba kwake ndi maonekedwe a m'mbali mwake, kenako imaonetsa mtundu. Ikabiriwira, madokotala amati tidikire, tidzaonenso pakapita miyezi. Ikakhala yachikasu, amatha kungobudula kachigamba pamene pali chotupacho. Ikafiira, nkhani yakula. Amachotsa chigawo chonse cha phapo, ndipo phapo siliphukiranso ngati chitsa cha mtengo. Madokotala amayang'ananso zina, koma yankho la m'kachipinda aka limalemera pa sikelo yawo.

Tsono kompyuta ndi wantchito womvera mopusa. Imayeza chokhacho chimene munthu wachizunguliza ndi mzere. Wojambula mizereyo anali Kanthenga.

Ntchitoyi ankaikonda kuposa chakudya. Akazimitsa getsi n'kuyamba kupukusa kagudumu ka mausi, kachipangizo kapadzanja koyendetsera kompyuta, ankamva ngati akutsika pang'onopang'ono m'nkhalango. Njira za mpweya zinkagawikana ngati nthambi za mtengo wozondoka. Mitsempha ya magazi inkabwera ngati timadontho toyera, kuyandikana, kupatukana, n'kuzimirira mumdima. Nthawi zina ankaiwala kuti nkhalangoyo ili ndi mwini wake, amene wakhala pabenchi panja kudikira yankho.

Miyezi itatu yoyeserera inali ikutha. Lachisanu ndilo linali tsiku loti amve ngati amulemba ntchito kapena ayi, ndipo nkhani yathu inachitika Lachitatu la sabata yomweyo.

2. Atatu kumwamba, atatu pansi

Mkulu wa chipindacho anali mayi wina wamfupi amene ophunzira ankamutcha Mayi Kadzidzi, chifukwa anali atakhala mumdima zaka makumi atatu ndipo palibe chimene chinkawadutsa. Dzinalo ankalitchulira kumbali. Eni ake ankalidziwa bwinobwino, koma ankangokhala ngati salimva.

Tsiku loyamba lenileni anakhazika pansi ophunzira awo awiri, Kanthenga ndi mnyamata wina wolongolola wotchedwa Wailesi, n'kuwauza kuti:

"Ana inu, mverani, chifukwa ine sindibwereza. Muno simudzaona magazi, simudzamva munthu akubuula, ndiye mudzayamba kuganiza kuti mukusewera ndi zithunzi. Ayi ndithu. Mzere umene mujambule pano, ukakwera kumtunda kuja umakasanduka mpeni. Tsono lamulo langa ndi limodzi. Musanatseke mzere, kwerani masamba atatu, tsikani masamba atatu. Chotupa chili ngati mwala, chimayamba, chimatha. Mtsempha wa magazi uli ngati msewu, ukautsatira umangopitirira, tsamba ndi tsamba, ukusuntha pang'onopang'ono. Pa tsamba limodzi lokha ziwirizi ndi mapasa, zonse zoyera, zonse zozungulira. Ukalowetsa mtsempha mkati mwa mzere, kompyuta sikufunsa. Imangoti njere yakula, basi n'kufiira. Atatu kumwamba, atatu pansi. Kaya muli ndi njala, kaya chibwenzi chikudikira pageti, ine sindifuna kudziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mzere uliwonse wa ophunzira unkadutsa kaye pamaso pawo. Koma patatsala masabata awiri kuti Lachitatu lija lifike, maso omwewo anafuna chipatala nawonso. Mayi Kadzidzi anakawachotsa ng'ala, ndipo kwa sabata yathunthu mpando wawo unali wopanda munthu. Mizere inkapita molunjika kwa dokotala wowerenga zithunzi, bambo wotopa amene ankasenza ntchito ya anthu atatu. Iwo ankayang'ana tsamba limodzi n'kusaina.

Mayi aja atabwerera anali ndi magalasi akuda komanso lamulo loti asayang'ane kompyuta kwa masiku angapo. Choncho ankakhala chofulatira, n'kumayang'anira ntchito ndi makutu.

"Wailesi, kagudumu kako kalira kawiri kokha," ankatero osacheuka n'komwe. "Kachitatu wakasungira ndani?"

3. Mlendo wa kabokosi kakuda

Cha m'ma teni koloko m'mawa kunamveka kugogoda.

"Odi muno! Kodi ndi kuno kumene mumasunga mapapo a anthu?"

Analowa bambo wamtali wa imvi za apo ndi apo, atavala zovala za odwala. M'khwapa anali atapanira kabokosi kakuda kotha m'makona.

"Lowani, bambo," anatero Mayi Kadzidzi. "Tikuthandizeni chiyani?"

"Ine ndine wa mawa m'mawa, mayi. Akuti andichotsa chigawo chapamwamba cha phapo la kumanja. Ndiye ndinati, zaka zonsezi takhala limodzi koma sitinaonanepo nkhope. Ndilione kaye lisanasamuke."

Mayi Kadzidzi anaseka, zimene sizinkachitika kawirikawiri. "Phapo ndi lanu, sitingakukanizeni. Kanthenga, tawerenga nambala ya pamkono pawo, uwaonetse."

Fayilo itatseguka, Kanthenga anaona dzina lake pakona. Inali imodzi mwa zimene anajambula sabata ija mpando unali wopanda munthu. Pamwamba pake panali pofiira.

Bamboyo anakhala pafupi naye n'kuika kabokosi pamiyendo. Anakatsegula pang'ono, ndipo mumdimamo munang'anima lipenga lachikasu, losuluka pogwirira.

"Lili ndi ine zaka makumi anayi," anatero. "Loweruka lililonse ndimaphunzitsa ana asukulu. Adokotala sanandibisire. Akuti kuyenda ndidzayenda, masitepe ndidzakwera, koma mawu aatali aja, amene umawagwira mpaka anthu kuiwala kupuma, amenewo mwina ndiwatsanzike. Akazi anga akuti bola, m'nyumba mukhala mtendere. Koma dzulo ndawapeza akulipukuta akulira."

Kanthenga anayamba kupukusa kagudumu.

"Pang'onopang'ono, mwanangu, maso angawa ndi akale."

Anachepetsa liwiro. Nthambi zinayamba kutuluka mumdima, imodzi kubala ziwiri, ziwiri kubala zinayi. Bambo uja anatsamira patsogolo, kukamwa kuli yasa.

"Ha! Mtengo wonsewu uli mwa ine? Ndiye nyimbo zanga zonse zinkadutsa m'nthambi zimenezi?"

"Zonse, bambo. Mpweya umatsika apa, n'kugawikana, n'kukafika mpaka kunsonga."

"Nanga tinyenyezi iti?"

"Ndi mitsempha ya magazi. Taonani mmene ikuyendera ndikamatsika."

Kwa kanthawi awiriwa anaiwala kuti ali m'chipatala. Fani inkapukusa mutu, Wailesi anali chete mwina koyamba chibadwire, ndipo iwo ankangotsika limodzi m'nkhalango imene mwini wake anali asanaiondepo. Kanthenga anamva kukoma kopeza munthu woona zimene iye ankaona.

Anafika pa tsamba la 84. Panali kachifunga kotuwa, mkati mwake chinthu choyera chozungulira bwino, ndipo mzere wa Kanthenga unali utachizungulira.

"Aka ndiye kamdani kanga?"

"Ndi komweko, bambo."

"Tapitirira, ndione kumene kakuthera."

Kanthenga anapukusa kamodzi. Choyera chija chinalipobe, koma chinali chitasunthira pang'ono kumanzere. Anapukusa kachiwiri. Chinasunthanso, n'kufika m'mphepete mwa chifunga. Kachitatu chinatulukiratu m'chifungamo. Kachinayi, kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, chinkangopitirira ulendo wake wolowera kumtima, mpaka chinakalumikizana ndi mtsempha waukulu.

"Kali ndi mchira wautali, eti?" anatero bambo uja mosadziwa kanthu.

Kanthenga anasiya kupukusa kagudumu. Chimene anazunguliza sichinali mwala, unali msewu. Njere yeniyeni inali kambali, kakang'ono, yopanikizana ndi mtsemphawo, ndipo iye anamanga zonse ziwiri mtolo umodzi. Tsikulo analikumbuka. Kunali masana otentha, ndipo kachifungako kanamuonekera ngati mwezi uli ndi bwalo lake. Anakazunguliza mosamala chifukwa kanali kokongola, maganizo ali kutali, ndipo kagudumu sanakakhudze n'komwe.

Bambo uja anatseka kabokosi n'kuimirira.

"Zikomo, mwanangu. Tsopano mtima wakhala pansi. Ndipo dzanja lako ndi labwino, mzere wosalala ngati wa mphunzitsi. Makolo ako anabereka."

Kanthenga anangogwedeza mutu, ndipo chitseko chinatsekeka.

4. Malangizo a Wailesi

Wailesi anali ataona zonse kuchokera patebulo pake. Nthawi yopuma itakwana anamukokera kukhonde, pafupi ndi matebulo oyenda onyamulira odwala.

"Iwe, ndaona. Usatsegule pakamwa, tamvera kaye," ananong'ona, ngakhale kunong'ona kwa Wailesi kumamveka kumsewu. "Anasaina ndani? Adokotala. Ndiye mlandu ndi wa ndani? Si wako. Chachiwiri, khansa ndi khansa. Akachotsa zambiri ndiye amuthandiza kumene. Chachitatu, Lachisanu ndi mkuja, asisi. Mkuja! Ukangoyankhula, afukula mafayilo onse a sabata ija, anga omwe. Ukufuna tonse tikagulitse malaya pamsika?"

"Nanga lipenga?" anafunsa Kanthenga.

"Lipenga amadya? Munthu akhala moyo, basi. Ana akewo aziphunzira ng'oma. Ingofatsa, akalembe ntchito, kenako uzikwera masamba khumi ngati ukufuna. Kadzidzi saona, ndipo dokotala sadzatsegulanso fayilo imeneyo. Tikudziwa ndife awiri."

Musamudane Wailesi. Sanali mnyamata woipa, anali wamantha chabe, ndipo mantha akapeza munthu wodziwa kuyankhula amamveka ngati nzeru. Kanthenga anamvetsera mpaka kumapeto ndipo sanatsutse kanthu.

Chimene onse awiri ankadziwa n'chakuti 2 koloko masana madokotala amakumana m'chipinda chapamwamba kutsimikiza mndandanda wa maopaleshoni a mawa. Mndandandawo ukasainidwa, umapita kwa anamwino, ndipo wodwala amayamba kukonzedwa.

5. Choko ndi sizasi

Shopu ya bambo ake a Kanthenga inali misewu iwiri kuchokera pachipatala, pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni. Anali telala. Masana alionse mwana wawo ankabwera kudzadya nawo chakudya chimene mayi ake ankalongedza m'mawa m'makontena awiri, yaikulu ya bambo, yaing'ono ya mwana.

Tsikulo Kanthenga anayenda misewu iwiriyo ngati woyenda m'tulo. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inkamuonekera ngati mapapo oimikidwa chadodolido. Njinga inamuimbira belu katatu asanapatuke.

Atalowa m'shopu, chinthu choyamba kuchiona chinali chovala choyera cha ntchito chitakolekedwa pakhoma. Bambo ake anamusokera iye chovalacho mwezi wathunthu pasadakhale, ndipo kasitomala aliyense ankauzidwa mwini wake, kaya wafunsa kaya sanafunse.

Anatsegula kontena, n'kuitsekanso.

"Lero kamphepo kakutengera kuti?" anafunsa bambo ake, mapini ali kukamwa.

"Palibe, ababa. Kungoti kuntchito kuli mnzanga wina. Analakwitsa penapake, ndiye palibe amene waona. Akayankhula, ntchito imuthera."

"Ooo, mnzako." Bambowo analavulira mapini m'dzanja. "Mnzakoyo nayenso akavutika mumtima amasiya kudya? Mufanane chonchi?"

Kanthenga anawerama. Bambo ake anakankhira nsalu pambali n'kukhala pa stulu, ndipo anayankhula akuyang'ana manja awo.

"Za kuntchito kwanuko ine sindizidziwa, ndipo usandiuze, ndi zinsinsi za eni ake. Ndikuuza zanga. Ndili ngati iweyo, ndikuphunzira ntchito, abwana anga anandipatsa jekete ya mkwati. Ndinalemba choko pa mkono umodzi, ndipo ndisanadule ndinaona kuti mzere wafupika. Kuona ndinaona ndithu. Koma abwana anali atadutsa kale n'kunena kuti zili bwino, ndiye ndinachita manyazi kuwaitananso. Ndinadula. Kenako ndinafupikitsa mkono winawo kuti ifanane. Abwana sanadziwe mpaka kumwalira kwawo. Mkwati uja anakwatira mikono ili pamtunda ngati wavala jekete ya mng'ono wake, ndipo chithunzi cha ukwatiwo anachikoleka pabalaza. Tinakhala msewu umodzi zaka makumi awiri. M'mawa uliwonse ankandipatsa moni wabwino, ine n'kumawolokera tsidya lina ngati ndaona galu wolusa. Munthuyo sanandinenepo kanthu. Amene ankandizenga mlandu ndinali ndekha, ndipo mlandu suola.

"Tsono mvetsa, mwanawe. Pa ntchito iliyonse pali nthawi ya choko, pali nthawi ya sizasi. Choko umangothira malovu pachala n'kufufuta. Ukalakwitsa pa choko n'kunena, akukalipira, mwina akuthamangitsa, koma nsalu ya mwini ili yonse. Sizasi ikadutsa, kaya ulire bwanji, madzi akatayika saoleka. Ine inali jekete chabe, koma mpaka lero ndikaikumbuka nkhope imatentha. Ndiye ukamufunse mnzakoyo funso limodzi. Zake zili pa choko kapena zafika pa sizasi?"

"Zili pa choko," anayankha Kanthenga motsitsa mawu. "Mpaka 2 koloko."

Bambo ake anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala mphindi khumi.

"Ndiye ukudikira chiyani? Minibasi?"

"Nanga chovalachi, ababa?"

"Chovala ndi nsalu. Zikavuta tigulitsa kwa wometa tsitsi. Thamanga!"

6. Chipinda chapamwamba

Kanthenga anathamanga. Anafika m'chipinda chopanda zenera ali wefuwefu, koma anapeza Wailesi yekha. Mayi Kadzidzi anali atakwera kale kumsonkhano.

"Usapite, iwe," anatero Wailesi. "Kumeneko ophunzira salowako."

Anakwera masitepe. Pakhomo la chipinda cha msonkhano anaima, dzanja lili m'mwamba. Mkati ankamva mawu a dokotala wa maopaleshoni akuwerenga mndandanda. Anagogoda, ndipo asanayankhidwe analowa.

Anthu asanu ndi awiri anacheuka. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha phapo la munthu wina.

"Mwasochera, mtsikana?" anafunsa dokotala wa maopaleshoni, mayi wamtali wosakonda kutaya nthawi.

"Ayi, adokotala. Pepani. Ndabwera za bambo a mawa m'mawa, a phapo la kumanja. Mzere wa pa chithunzi chawo ndinajambula ndine, ndipo ndi wolakwika. Ndinalowetsamo mtsempha wa magazi. Sindinakwere masamba atatu, sindinatsike masamba atatu."

Dokotala wowerenga zithunzi, amene anasaina uja, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ngakhale anali oyera.

"Wadziwa liti?" anafunsa dokotala wa maopaleshoni.

"Lero cha m'ma teni."

"Ndipo ukubwera 2 koloko."

"Ndimaopa, adokotala."

Dokotalayo anamukankhira mausi. "Tsegula. Jambulanso pompano, tonse tikuona."

Kanthenga anakhala pansi. Tsamba la 84 linadzadza khoma lonse, ndipo mzere wake wosalala uja unaoneka waukulu ngati tayala la galimoto. Anaufufuta. Anakwera masamba atatu, kagudumu kakumveka m'chipinda chonse, kenako anatsika atatu. Aliyense anaona mtsempha ukutuluka m'chifunga n'kupita ulendo wake. Anajambula mzere watsopano, wokhotakhota ndi wosakongola, wozungulira kanjere kokha.

Poyamba njere inali mamilimita asanu ndi anayi. Tsopano inali atatu. Kompyuta inaganiza kwa kanthawi, ndipo pamene panali pofiira panasanduka pachikasu.

Madokotala anayandikira khoma, kuloza, kutsutsana pang'ono, kubwerera m'mbuyo masamba ena. Potsiriza dokotala wa maopaleshoni anatenga cholembera n'kukhwatcha mzere umodzi pa mndandanda wake.

"Tisanamizane, khansa ikhoza kukhalapo ndithu," anatero. "Koma ya msinkhu uwu sindingagwetsere chigawo chonse. Tibudula kachigamba, tikakayezetse, chotsalacho tiwasiyire. Ndikawauza ndekha bambowo, ndipo iwe upita nane ukawafotokozere chifukwa chake."

"Ndinasaina ndine," anatero dokotala wowerenga zithunzi mwamanyazi. "Zimenezi zilembedwenso."

Kanthenga anamva thupi lonse kupepuka. M'maganizo mwake anaona Loweruka lina likubwera, ana atakhala pamzere, ndipo bambo wamtali atagwira mawu amodzi aatali, aatali, mpaka anawo kuiwala kupuma. Misozi inatsika ndipo sanaipukute.

Amene anamutsitsa kumwambako anali Mayi Kadzidzi.

"Mwana iwe, kuyankhula wayankhula, ndipo ambiri amene ndawaphunzitsa sakanatha. Zimenezo ndaziika pamtima. Koma usayembekezere kuti ndikuombera m'manja. Munthu amene wazimitsa moto umene anayatsa yekha sapatsidwa mendulo. Lamulo ndinakupatsa, unalidziwa, n'kulisiya chifukwa panalibe wokumvera kagudumu. Ntchito ino si ya pamaso pa abwana, chifukwa masiku ambiri udzakhala wekha mumdima. Za Lachisanu usandifunse, sindinaganize."

"Ndamva, mayi."

"Sindinathe. Sabata imene ndinachoka ija, unajambula zithunzi zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Zonsezo unakwera atatu, kutsika atatu?"

Yankho losavuta linali pamlomo, ndipo palibe akanalitsutsa. Kanthenga analimeza.

"Sindikukumbuka, mayi. Zina ndinatero. Zina sindikudziwa."

"Zofiira zinalipo zingati?"

Kanthenga anatsegula mndandanda wa sabata ija n'kuwerenga ndi chala. "Zinayi."

Dokotala wa maopaleshoni anakokera buku lake pafupi. "Tawerenga manambala."

Kanthenga anawerenga yoyamba.

"Ndi bambo omwewa. Takonza."

Anawerenga yachiwiri.

"Akudikira mwezi wamawa. Tionanso."

Yachitatu.

"Nawonso akudikira."

Anawerenga yachinayi. Dokotala anatsegula tsamba la m'mbuyo, chala chake chinatsika pang'onopang'ono n'kuima.

"Awa ndi mayi a pa bedi 12," anatero kenako, mawu atatsika. "Mphunzitsi, wa ana atatu. Tinawachotsa chigawo chonse Lolemba."

Mwina mzere umenewo unali wolondola, mwina ayi, ndipo m'chipatala chonsecho panalibe munthu wodziwa, ngakhale iye amene anaujambula.

"Tsegula fayilo," anatero Mayi Kadzidzi.

Kanthenga anaika chala pa mausi n'kudina. Khoma linada kaye, kenako tsamba loyamba la chifuwa cha mayi a pa bedi 12 linayamba kuoneka.